Kiyibodi Yoyankha Chala

Zikomo, khalani pansi, inenso ndikhala. Amene muli kumbuyoko sindikukuonani bwino, ndikungoona ngati zitsa m'nkhungu, choncho wina akakhala ndi funso angolankhula, asavutike kukweza dzanja. Ine ndine Dominiko Kachale. Kwathu ndi ku Mayani, ndinakwatira ku Lobi, ndipo ntchito yanga ndi yotayipa. Andipempha kuti ndikuuzeni momwe mowa unandigwetsera ndi momwe ndinadzukira. Ndinena monga zinachitikira, popanda kukometsera.

Kutayipa ndinaphunzira ndili mnyamata. Aphunzitsi athu ankatimanga nsalu kumaso kuti zala zidziwe zokha pamene pali chilembo chilichonse. Nditapeza ntchito pa ofesi ina kuno ku boma, ndinkatayipa maso ali pawindo, makina akulira ngati matalala padenga la malata. Anali makina aja achitsulo, olemera, oti ukamenya batani mkono wonse umadziwa kuti wamenya. Lachisanu lililonse ndinkakwera basi kupita ku Lobi, kwa mkazi wanga, Anabanda, ndi ana athu.

Mowa ndinkamwa kale, koma wa Loweruka. Zinthu zinasintha zitabwera zipani zambiri. Misonkhano inali paliponse, ndipo aliyense ankafuna womutayipira: uyu mawu okalankhula ku msonkhano, uyu malamulo a komiti yake. Kuthokoza kwawo kunali kundigulira mowa. Ine ndinalibe chipani, ndinali wa chipani chilichonse chimene chafika ndi mowa. Wa m'mabotolo utayamba kundichepera mphamvu, ndinatsikira ku kachasu. Lachisanu linkandipeza ndili pa mowa, basi ya ku Lobi n'kudutsa ndikuiona. Kuntchito anandichenjeza pakamwa, kenako polemba. Tsiku lina abwana anandipeza nditagona, chipumi chili pamakina, dzuwa lili paliwombo. Anandiuza kuti nditenge jekete langa.

Ndinapita ku Lobi wopanda ntchito, mkamwini wongodya. Khasu sindinkaligwira. Mbewu ya nyemba imene Anabanda anasunga mumtsuko ndinaisinthanitsa ndi kachasu mvula ili pafupi kugwa. Atsibweni awo anandiitana pabwalo. Sanakalipe. Anangoti, "Akamwini, tayesa, tatopa. Pitani kwanu mukapume." Anabanda anali pakhonde akusenda mbatata, sanadzutse mutu. Ndinanyamula mphasa yanga n'kupita ku Mayani, kwa achemwali anga a Rozina, amene ndi amasiye.

Kumeneko ndi kumene maso anandithawira. Tsiku la msika tinamwa kachasu wa munthu wina wachilendo, amene sindidziwa anathiramo chiyani. M'mawa mwake nditatuluka panja ndinati, "Achemwali, nkhungu ya lero yakula bwanji!" Iwo anaima ndi tsache m'manja. Anati, "Achimwene, kunja kwayera." Kuchipatala anandiuza kuti mitsempha ya maso yapsa, kuona kwina kubwerera, kwina ayi. Kunabwerera kochepa. Njira ndimaiona, munthu ndimamuona kuti ndi munthu, koma kuwerenga zolembedwa kunathera pomwepo.

Mwina mukuganiza kuti ndinasiya mowa. Ayi. Ndinamwa kuposa kale, chifukwa tsopano ndinali ndi chonamizira.

Amene anandipeza anali Mayi Kamwendo. Mayi ameneyu anabwera ku ofesi yathu ija ali mtsikana, ndipo ndine ndinamuphunzitsa kusintha liboni ya inki m'makina otayipira ndi kuongola pepala. Tinakumana pamalo okwerera basi kuno ku boma, ine ndikuchokera kuchipatala. Anandidziwa ndi mawu, ndikukangana ndi wogulitsa nthochi.

"Bambo Kachale, ndi inu?"

"Ndine, mayi, zotsala zake."

Tinakhala pabenchi. Anandiuza kuti anasiya ntchito n'kutsegula kashopu kotayipira kuseri kwa msika, pafupi ndi chigayo, ndipo anagula kompyuta yakale. Bungwe lina linali kujambula m'makaseti mawu a alimi a mbatata ya kachewere, ndipo linkafuna kuti zonse zolankhulidwazo zitayipidwe. Makaseti anadzaza katoni, iye ali yekha.

Anati, "Ntchito imeneyi siifuna maso. Ifuna makutu ndi zala. Inu muzimvetsera n'kumatayipa, ine ndiziwerenga n'kumakonza. Zala zija zilipo?"

Ndinati zilipo. Ndinanena ndi mtima wonse, chifukwa ndinkakhulupirira kuti chimenecho ndicho chinthu chimodzi chimene mowa sunachikhudze.

Kwa amene simunaionepo, kompyuta ili ndi kathabwa ka mabatani kotchedwa kiyibodi. Zilembo zake zinayalidwa chimodzimodzi ndi za makina athu akale, choncho zala zanga zinapeza malo ake msanga. Ndinavala zomvera m'makutu, kaseti inayamba, ndinatayipa. Patapita kanthawi, mayiyo anawerenga mokweza zimene ndinalemba. Sanali mawu a munthu. Zilembo zina zinasowa, zina zinabwera ziwiriziwiri. Mabatani a kiyibodi imeneyo anali ofewa ngati ukudina nthochi yakupsa. Pansi pake panali labala, ndipo chala sichinkadziwa ngati chilembo chalowa kapena ayi. Munthu wamaso amayang'ana pagalasi n'kuona kuti walakwitsa. Ine ndinalibe poonera.

Mayi Kamwendo anati, "Tikapitiriza chonchi, kukonza kundidyera nthawi kuposa kutayipa ndekha. Koma tisafulumire. Kuli a Yusufu, amene amandikonzera makinawa. Amabwera kuchokera ku Lilongwe, ndipo ali ndi makiyibodi akale ambirimbiri. Ndiwauza abweretse, mudzasankhe ndi zala zanu."

Tsiku limene a Yusufu anabwera ndilo ndikufuna mulimvetsere bwino.

Unali mwezi wa Juni, kuzizira kwa kuno kwathu mukukudziwa. Ndinagona kwa mnzanga wina kuno ku boma. Podzuka manja ankanjenjemera monga mwa masiku onse, ndipo mankhwala ake ndinkawadziwa. Ndinati, sindingakayese makina ndi manja ovina. Ndinamwa kapu imodzi kuti akhazikike, ndinaonjezera ina kuti ndilimbe mtima, kabotolo n'kuika m'thumba la jekete. Manja anakhazikikadi.

A Yusufu anali bambo wofatsa, wolankhula pang'onopang'ono. Anatulutsa makiyibodi m'chikwama n'kuwayala patebulo. Anandigwiritsa batani limodzi lomwe analivula kachipewa kake, kuti ndikhudze za m'kati.

Anati, "Abambo, awa si a labala ngati ija. Pansi pa batani lililonse pali kaswichi kakekake, kokhala ndi sipulingi. Koma maswichiwo ndi osiyana. Ena amangotsika myaa mpaka pansi. Ena amalira kuti tye akalowetsa chilembo. Ena salira, koma pakati pa njira amakana pang'ono, ngati mwaponda kamwala, kenako n'kudumpha. Akadumpha, ndiye kuti chilembo chalowa. Inu amene akuyenereni ndi otsirizawa. Tayesani."

Ndinaika zala pa yoyamba. Ndinadina. Ndinapita pa yachiwiri, pa yachitatu. Ija yolira ndinaimva ndi khutu. Koma zinazo zinali chimodzimodzi, zonse nthochi yakupsa.

"Ya kamwala ija ndi iti?" ndinafunsa.

"Ndi imene mwaigwirayo."

Ndinadinanso, pang'onopang'ono, ndikudikira kamwalako. Panalibe. Ndinati mwina yafa. A Yusufu anadina okha, nati, "Ili bwinobwino." Mayi Kamwendo anadina, nati, "Ine ndikukamva." Ndinadina batani lina, ndi lina, ndi chala ichi, ndi ichi. Zala zanga zinali ngati zavala magolovesi achikopa.

Mayiyo anali pafupi nane, ndipo ndikudziwa kuti fungo analimva. Sanandichititse manyazi pamaso pa mlendo. Anangoti, "A Yusufu, makiyibodiwa mungawasiye kuno mpaka ulendo wina?" Iwo anavomera. Kenako mayiyo anatembenukira kwa ine.

"Bambo Kachale, makaseti awa ndiyamba ndekha. Malo anu ndisunga mpaka a Yusufu adzabwerenso. Mudzabwere ndi zala zakumva. Zikadzakhala ngati za lerozi, musadzavutike kukwera basi."

Ndinatuluka n'kukakhala pamwala pafupi ndi chigayo. Amayi anali pamzere ndi matumba awo. Pansi panali chimanga chotayika. Ndinatola njere imodzi ya chimanga, ndinatolanso kamwala kofanana nayo kukula, ndinatsinzina, n'kuzigubuduza pakati pa zala. Sindinathe kudziwa kuti chimanga ndi chiti.

Abale anga, ntchito itatha ndinati abwana anali ankhanza. Banja litatha ndinati akuchikazi anali odana nane. Maso atapita ndinati ndi munthu wachilendo uja. Pamwala paja ndinasowa womunamizira. Maso anali atapita kale, ndipo zala ndizo zinali maso anga otsala. Ndinaona kuti mowa wafika pamenepo, ndipo ukangomaliza, ndidzakhala munthu woti sangathe ngakhale kumanga batani la malaya ake.

Sindikunamizani kuti kabotolo kaja ndinakataya. Ndinakamaliza pompo, ndikulira. Koma nditafika ku Mayani ndinawauza achemwali zonse, ndipo ndinati, "Ndikufuna kusiya, koma ndekha sindingathe."

M'mawa mwake anasiya munda wawo n'kupita nane kuchipatala. Pamenepa mvetserani, inu amene mwamwa zaka zambiri: musasiye mobisala, muli nokha m'nyumba. Thupi limapanduka. Ine ndinanjenjemera, ndinatuluka thukuta m'nyengo yozizira, ndinaona tizilombo tikuyenda pakhoma ndi maso omwewa osaonawa. Achipatala anandigoneka, anandipatsa mankhwala oti ndisakomoke, ndi ena olimbitsa mitsempha. Anandiuza kuti dzanzi la m'zala limachepa munthu akasiya mowa n'kumadya bwino, koma sanalonjeze kuti lidzatha.

Nditatuluka, achemwali anapeza njira yawoyawo. M'mawa uliwonse ankasakaniza nyemba ndi chimanga m'lichero, n'kundipatsa kuti ndisankhule nditatsinzina. Masiku oyamba ankabwera n'kuseka, "Achimwene, ndiwo izi tidya ndi chimanga chomwe?" Pang'ono ndi pang'ono milu iwiri ija inayamba kuyera. Tsiku lina ndinamva kakhwinya ka pa njere ya chimanga, paja pamalowa m'kati. Ndinakhala nayo m'manja njere imeneyo nthawi yaitali.

Uthenga utafika woti a Yusufu akubwera, ndinakwera basi ya m'mamawa ndili wosamwa. Manja ankanjenjemerabe pang'ono, ndipo ndinawasiya anjenjemere.

Makiyibodi anali patebulo pomwe paja. Ndinayamba ndi ija yotsika myaa. Inali yopepuka kwambiri, moti chala changa chonjenjemera chikangoikhudza, chilembo chalowa kale. Ndinaikankhira pambali. Ndinatenga yolira ija. Inandikumbutsa makina akale, ndipo mtima unaikonda. Koma a Yusufu anati, "Valani zomvera m'makutu, muyatse kaseti, monga mudzagwirire ntchito." Nditavala, mlimi akulankhula m'khutu, chigayo chikubangula kuseri, kulira kwa mabatani kunazimiririka. Pa kiyibodi imeneyo chizindikiro chachikulu chinali phokosolo, ndipo m'chala munkangofika pang'ono. Ndinaiikanso pambali.

Ndinaika zala pa yachitatu. Ndinadina ndi chala cha mkombaphala, pang'onopang'ono. Batani linatsika pang'ono, kenako linakana. Ndinaima pomwepo. Ndinaonjezera mphamvu pang'ono chabe, ndipo linadumpha n'kulowa.

Ndinachotsa chala. Ndinadinanso. Linakana, linadumpha.

"Kalipo," ndinatero.

A Yusufu anati, "Kanalipo ndi tsiku lija lomwe, abambo."

Mayi Kamwendo anatuluka panja, ati kukaona ngati kwabwera kasitomala. Anabwerako akupukuta mphuno.

Zokana pakati zinalipo ziwiri, ndipo apa m'pamene ndinaphunzira kuti kusankha si kudina batani limodzi n'kunena kuti iyi ndiye. A Yusufu anandiuza kuti nditayipe kaseti yonse mbali imodzi pa iyi, mbali inayo pa inayo. Yoyamba inali ndi sipulingi yolimba. Poyamba ndinaikonda, chifukwa kamwala kake kankamveka kwambiri, koma pofika kumapeto kachala kakang'ono ka kumanzere kanali katatopa, kakulephera kudina. Chichewa chathu chimadya chilembo cha A kuposa china chilichonse, ndipo A amakhala pansi pa kachala kameneka. Yachiwiri inali yapakatikati: yolimba mokwanira kuti kunjenjemera kusalowetse chilembo, koma yosatopetsa. Ndinasankha imeneyo.

Inali yakale, ndipo mabatani ena, makamaka a A ndi N, anali atatha, kamwala kake kosamveka bwino. A Yusufu anaitsegula kumbuyo, anatenthetsa kachitsulo kawo kosungunulira mtovu, n'kuzula maswichi abwinobwino a mzere wa pamwamba, umene ife sitiugwiritsa ntchito, n'kuwasamutsira pamene panatha. Akuthawo anawaika pamwambapo. Ine ndinkadina batani lililonse nditatsinzina n'kumanena kuti ili lili bwino, ili lisinthidwe. Ntchito imeneyo inatitengera masana onse.

Madzulo mayiyo anawerenga zimene ndinatayipa. Anali mawu a mayi wina wa ku Chongoni akufotokoza momwe chiwawu chinapserezera mbatata yake. Anawerenga tsamba lonse n'kukonza malo owerengeka chabe. Anati, "Lolemba mulawire."

Momwe ndakhalira kuchokera pamenepo si zozizwitsa, ndi tinthu ting'onoting'ono. Ndinapeza kachipinda kwa akatekisiti, osati kwa mnzanga womwa naye uja. Kuchokera kumeneko kupita ku shopu pali njira yachidule yodutsa pakhomo pamene ndinkagula kachasu. Ine ndimazungulira kumsewu waukulu, ngakhale mvula ikugwa. Sindichoka m'nyumba ndi njala, chifukwa ndinazindikira kuti ludzu la mowa limakwera pamimba yopanda kanthu. Ndinawauza anthu poyera kuti ndinasiya, ngakhale aja ondiseka, kuti ndikafuna kugula ndizichita manyazi. Ndipo ndimabwera pagulu lino, ngakhale tsiku limene ndilibe chonena.

Ndinagwaponso kamodzi, ndipo sindibisa. Kunali mwambo womanga chiliza cha malemu alamu anga ku Mayani. Mowa wa masese unali m'migolo, ndipo mkulu wina anandipatsa chipanda nati, "Uwu si kachasu, ndi chakudya." Ndinalandira. Sichinathere pa chipanda chimodzi. Lolemba nditakhala pa kiyibodi, kamwala kaja kankamveka patali, ngati ndikukadina kudzera m'bulangeti. Ndinachita mantha kuposa tsiku limene maso anachita nkhungu. Sindinadikire kuti mayiyo aone pagalasi. Ndinavula zomvera m'makutu n'kunena kuti, "Mayi, ndamwa Loweruka." Iye anati, "Pitani mukagone. Mawa mubwere, ndipo Lachitatu mukanene ku gulu lanu." Ndinabwera kudzanena, ena a inu munalipo. Amene mwagwa sabata ino, musathawe gulu chifukwa cha manyazi. Kubisa ndiko kumasandutsa chipanda chimodzi kukhala mwezi wathunthu.

Makaseti aja tinamaliza, anabwera ena. Masiku opanda makaseti kumabwera anthu ofuna kuwatayipira zofunsira ntchito, iwo akulankhula ine ndikulemba. Maso sanabwerere, ndipo achipatala anandiuza kuti ndisawadikire. Zala ziwiri za kumanja zikadali ndi dzanzi kukazizira, choncho m'mawa ndimayamba ndafumbata kapu ya tiyi wotentha. Zimene mowa unatenga sizinabwerere zonse. Ndikunena izi kuti wina asadzakhumudwe poona kuti wasiya koma zina zikadali zowonongeka.

Za ku Lobi, achemwali ndi amene anapita kukalankhula ndi atsibweni a Anabanda. Yankho linali lakuti, "Mawu tinawamva kale ambiri. Abwere adzalime." Choncho chaka chino, Loweruka lililonse, ndakhala ndikupita ndi khasu. Mizere ndimaiona, ndipo nyemba ndi udzu ndimazisiyanitsa ndi manja. Ana anayamba kundizolowera. Wamkulu, Filipo, poyamba sankandiyankha, pano amandiperekeza pokwerera basi. M'nyumba sindinaloledwe. Ndimagona kukhitchini kwa atsibweniwo, ndipo ndimanyamula bulangeti langa kuchokera kuno, kulimanga ndi chingwe, kupita nalo, kubwera nalo. Anabanda amandibweretsera madzi kumunda, kundipatsa moni, n'kubwerera. Sindinawakakamize. Amene anawalakwira ndine, ndipo nthawi ndi yawo.

Lamulungu lapitali, titachoka ku tchalitchi, ndinali kumanga bulangeti lija kuti ndizikakwera basi. Ndinamva mapazi kumbuyo kwanga. Anali Anabanda. Anandipatsa kathumba ka nyemba zatsopano kuti ndikawapatse achemwali. Nditatembenuka kuti ndizipita, anati:

"Abambo a Filipo, Loweruka likubwerali musadzavutike kunyamula bulangeti. Kunyumba alipo."

Ndathokoza pondimvetsera. Amene ali ndi funso alankhule, ndikumva.